Chithunzi cha Oak Alley pabalaza

Mayi ena andilembera imelo. Ali ndi chithunzi chakale cha nyumba ya Oak Alley ku Louisiana, m'dziko la America, akufuna kuchipachika pabalaza, koma mwana wawo wakana, akuti ndi nyumba ya eni akapolo. Akufunsa ngati kuchikonda n'kulakwa, komanso komwe angapeze zithunzi zina zotere.

Mayi, mwandikumbutsa kwa agogo anga. Pakhoma panali kalendala yomwe masiku ake anatha kalekale, koma sankaichotsa chifukwa cha chithunzi chake: mitengo ikuluikulu ya oak mbali zonse za njira, nthambi zitagwirana m'mwamba, ndipo kumapeto kwake nyumba ya mizati italiitali ndi khonde la pamwamba. Ndinkakwera pampando n'kumawerenga mizatiyo ndi chala, mumtima ndikuti ndikadzakula ndidzamanga yangayanga. Ndinali wamkulu kale pomwe ndinadziwa kuti inali Oak Alley, yomangidwa pakati pa 1837 ndi 1839, ya Jacques Roman, mlimi wa nzimbe. Mizati ndi 28, mitengo ndi 28. Anaimanga ndi akapolo, ndipo nzimbe zomwe zinabweretsa ndalamazo ankadula ndi akapolo omwewo. Tsiku limenelo mtima unandiwawa ngati wina wandinamiza kuyambira ubwana.

Chimandipweteka kwambiri ndi pomwe wojambula amaimika kamera. Amaima kutsogolo, panjira yolowera alendo. Tinyumba ta akapolo tinali kwina, ndipo m'zithunzi zambiri simutiona. Komanso zithunzi zotchuka za nyumba zoterezi zinajambulidwa ukapolo utatha kale mu 1865. Frances Benjamin Johnston anayendayenda kumwera kwa America m'zaka za m'ma 1930 akujambula nyumba zakale. Walker Evans anajambula Belle Grove, nyumba inanso ya eni akapolo ku Louisiana, mu 1935: chipinda chopanda munthu, chopanda mipando, makoma akuwonongeka. Nyumbayo inapsa mu 1952. Ukayang'ana chithunzi cha Evans umagwidwa ndi chisoni, koma n'chisoni cholira nyumba, osati anthu pafupifupi 4 miliyoni omwe anali mu ukapolo mu 1860. Zimenezi ine ndimazikana.

Ndimaganizanso za nyumba ya Windsor ku Mississippi. Inapsa mu 1890, n'kutsala mizati 23 yokha ili chiimire m'tchire. Anthu amaijambula ngati mabwinja a mafumu akale, pomwe njerwa za m'mizatiyo zinaumbidwa ndi manja a anthu ogulidwa pamsika.

Komwe mungazipeze

Pitani pa webusayiti ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, mufufuze Historic American Buildings Survey, ntchito yojambula ndi kulemba za nyumba zakale yomwe inayamba mu 1933, kapena dzina la Johnston. Zambiri mutha kuzitsitsa ulere. Chithunzi chanucho pachikani, mayi, luso la omanga aja ndi lenileni. Koma pambali pake ikani cha Timothy O'Sullivan cha 1862, chomwe anajambula ku Beaufort, South Carolina: banja limodzi la mibadwo isanu, kuyambira gogo mpaka kamwana, lili kutsogolo kwa kanyumba kamatabwa. Mwana wanu akuthandizeni kuchifufuza.