Machubu atseka koma sindinadwalepo, zatheka bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina, dzina sinditchula. Ali pabanja zaka 4 koma mphatso palibe, atawajambula kuchipatala awauza kuti machubu onse awiri, tinjira todutsa dzira popita kuchiberekero, ndi otseka ndipo adokotala akuganizira chlamydia wakalekale, matenda opatsirana pogonana. Akufunsa kuti, "Ine matenda opatsirana sindinadwalepo, ndiye chatseka machubuwo ndi chani? Nditamwa mankhwala atseguka?"

Achemwali, choyamba pepani, ndikudziwa mmene mtima umawawira mwezi ukatha n'kuona msambo wabweranso, kwinaku apongozi akufunsa mozungulira. Ndipo ndikukhulupirirani kuti simunamve kanthu. Chlamydia sali ngati chinzonono cha abambo chija chotulutsa mafinya mpaka munthu kuthamangira yekha kuchipatala, ameneyu ngwachinunu, amayi pafupifupi 7 mwa 10 amene ali naye saona chizindikiro chilichonse. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anawerengera kuti mu 2020 mokha anthu pafupifupi 129 miliyoni anatenga matendawa padziko lonse, ndiye musadzione ngati ndinu nokha.

Kachilombo kake ndi bakiteriya, Chlamydia trachomatis, ndipo kamabisala mkati mwenimweni mwa maselo a pakhomo la chiberekero. Kakapanda kuphedwa nthawi zina kamakwera mpaka m'machubu. Apa ndi pomwe pali nkhani, chifukwa chimene chimaononga kwambiri si kachilomboko ayi, ndi nkhondo imene thupi lanu limamenya. Asilikali a m'thupi amakhamukirako n'kuyamba kuthira mankhwala awo oopsa, malowo amatupa, koma poti mdaniyo ali mkati mwa maselo anu omwe, maselowo amafera limodzi. Mkati mwa chubu muli titsitsi ting'onoting'ono timene timapalasa dzira kuti liyende kupita kuchiberekero, tikaonongeka thupi limatseka balalo ndi chipsera, ngati chija chimatsala munthu akapsa ndi phala, khungu lokokana losatambasuka. Tsono ganizani chipsera chotero m'kanjira kopapatiza ngati kaudzu. Kamatseka, mwina kudzaza madzi, mwinanso kutseka mwatheka moti umuna umadutsa koma dzira limakodwa panjira, ndiye mimba ya m'chubu ija, yomwe ikaphulika imatha kupha.

Mukukumbuka matenda a maso a trachoma, amene WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana nawo? Ndi mtundu womwewu wa kachilombo, ndipo agogo aja zikope zinkapindikira mkati chifukwa cha zipsera za kudwala mobwerezabwereza. M'machubu ndi chimodzimodzi. Amayi ambiri amene atenga chlamydia machubu awo satseka, koma chitetezo chimene thupi limapanga sichikhalitsa, katemera palibe, ndiye ukamutenganso kachiwiri, kachitatu, kutupa kumabwereranso ndipo chiopsezo chimakula.

Za mankhwala ndikuuzeni zoona ngakhale zikuwawa. Doxycycline wa masiku 7, kapena azithromycin kwa oyembekezera, amapha kachilombo koma sachotsa chipsera. Zitsamba zoti akuti zimatsuka machubu sizingatsegulenso, chonde ndalama zanu zisathere kumeneko, zimandipweteka kuona anthu akugulitsa mbuzi chifukwa cha mabotolo amenewa. Komabe adokotala akakupatsani mankhwalawo imwani mumalize, abambo amwenso nthawi yomweyo ndipo mudikire masiku 7 musanakhalire limodzi, apo ayi mudzingopatsirana. Musayambe kulozana zala kuti wabweretsa ndani, kachilomboka kamatha kukhala miyezi yambiri ngakhale kupitirira chaka, mwina kanabwera musanakumane n'komwe.

Bwererani kwa dokotala wa amayi mukafunse kuti machubuwo atseka pati komanso aonongeka motani, chifukwa ena opareshoni imathandiza, ena njira yotsala ndi IVF, yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi kenako n'kuika m'chiberekero, imene simadalira machubu ngakhale ndiyodula kwambiri. Abambo mupite nawo, akayezetse umuna tsiku lomwelo.