TIFUNSENI: Kodi sayansi indichotsa mu Mpingo?

Funso: Zikomo aunt, ine ndine mtsikana wa Katolika, ndikuphunzira sayansi chaka chachiwiri kuno ku Mzuzu. Anzanga ku hostel amandiseka ndikamapita ku Misa, akuti munthu sungamaphunzire za Big Bang ndi evolution (zoti zamoyo zakhala zikusintha pang'onopang'ono kuchokera ku zamoyo zakale) kwinaku ukugwira korona. Mayi anga nawonso akuti sukulu indipotoza mutu. Chilungamo chake ndikamawerenga Genesis ndimasokonezeka ndithu. Kodi ndikuchimwa?
Wodandaula, Luwinga

Yankho: Mwanawe, kufunsa si tchimo ayi, mtima ukhale m'malo. Anzakowo uwafunse kuti amene adayambitsa ganizo loti thambo ndi zonse zili m'menemo zikufutukuka, lomwe lero tikulitcha Big Bang, ndani. Ndi wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, chaka cha 1927. Ndipo za mmene ana amatengera makolo zomwe mumaphunzira mu biology zija adaziyamba ndi Gregor Mendel, mmonke wa chipani cha Augustino Woyera, akulima nsawawa m'dimba la ku nyumba yawo ya amonke.

Koma tisapite kutali, konkuno kwathu Ambuye John Ryan asanakhale episkopi wa dayosizi ya Mzuzu mu 2016 ankaphunzitsa masamu pa Mzuni pompo ku Luwinga, choko kumanja, Lamulungu ali paguwa, sadaone chotsutsana.

Za Genesis zo ndiye tsegula bwinobwino uwerenge wekha. Mutu 1 munthu akulengedwa pomaliza, nyama zilipo kale, koma mutu 2 munthu ndi amene akuyamba nyama zikubwera pambuyo, komanso dzuwa likulengedwa tsiku lachinayi, nanga masiku atatu oyambawo ankawerengedwa ndi chani? Amene adalemba sadali ogona ayi, ankadziwa zimene akuchita, sankalemba buku la physics. Nkhani yawo ndi yoti zonsezi mwini wake ndi Mulungu, adaona kuti nzabwino, ndipo iwe udalengedwa m'chifaniziro chake. Zili ngati agogo akamakamba nthano ya kalulu madzulo, palibe mwana amafunsa kuti kaluluyo amalankhula chilankhulo chanji, koma chimene agogo akunenacho ndi choona ndithu.

Za evolution Mpingo sukaniza, Papa Pius XII adalola kuti zifufuzidwe mu 1950, Papa Yohane Paulo II adabwerezanso mu 1996, pomwe Mpingo waimapo nji mpoti mzimu wa munthu umachokera kwa Mulungu mwini. Anzakowo akakuuza zoti Mpingo udaweruza wasayansi Galileo chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa usakane, zidachitikadi mu 1633 ndipo Papa Yohane Paulo II yemweyu adavomera mu 1992 kuti omuweruza aja adalakwitsa.

Chomwe chimandiwawa ine nchoti ana athu ambiri katekisimu adamusiyira pa Ulimbitso ali ku pulayimale, kenako mutu ukukula ndi mabuku a ku yunivesite chikhulupiriro chidakali cha sitandade 6, ndiye mnzawo akangofunsa funso limodzi basi agwa. Usatero iwe. Pita kwa abambo mfumu ndi mafunso akowo, kapena uwabweretse kugulu la ophunzira Achikatolika mukambirane.

Mayi ako usakangane nawo, akuopa kukutaya basi. Ukapita kutchuthi upite nawo kumphakati, uwerenge mawu tsiku limenelo, akuone.