Kaseti ya malemu achimwene anu musataye

Mayi wina wa ku Mtunthama wanditumizira imelo. Akuti posanja katundu wa malemu achimwene awo apeza kaseti ya Lucius Banda, Son of a Poor Man, ndipo mwana wawo akuti aitaye poti nyimbo zonse zili pa YouTube. Akufunsa ngati n'koyenera kuisunga, komanso momwe angailowetsere mu foni.

Mayi, musataye. Nkhani ya foniyo ndiifika, koma mundilole ndiyambe ndapumula kukhosi, chifukwa mawu a mwana wanuwo andikhudza.

Chimbale chimenechi chinatuluka mu 1994, chaka chomwe tinaponya voti pa 17 May ndi kusintha boma. Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale, ndikukhala ndi amalume cha ku Santhe. Zaka zimenezo alimi a m'midzi anali atangololedwa kumene kulima fodya wa bale, yemwe kale anali wa eni maesiteti okhaokha. Amalume atagulitsa mabelo awo ku okishoni ku Kanengo anabwerako ndi wailesi ya kaseti, ataimanga pakaliyala ya njinga kuchokera pasiteji, ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Pulasitiki ya pa masipika sanalole kuti munthu aichotse. M'thumba la jekete munali kaseti imeneyi.

Wailesi ija inkadya mabatire akuluakulu, ndipo mabatire anali ndalama. Akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko usiku wina umodzi. Kubweza tepi ndi batani kunali koletsedwa. Ntchito imeneyo inali yanga: kulowetsa bolopeni ya Bic pabowo la kaseti, kuikweza m'mwamba ndi kupukusa dzanja mpaka tepi yonse ibwerere poyambira. Ikatafunidwa ndi wailesi, amalume ankaisolola pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba, kuiwongola ndi chala, ndipo pamalo pamene inapindika mawu ankanjenjemera mpaka kalekale. Mpaka lero ndikamva nyimbo ina pa wailesi, khutu langa limadikira kunjenjemera kuja pamalo pake penipeni.

Koma chimene ana athu sangachipeze pa intaneti ndi ichi. Ife tinamvera chimbalechi ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu. Apayoniya anali atangolandidwa mfuti mu December 1993, ndipo mantha sanali atatha m'matupi mwa anthu. Ikafika nyimbo ya Mabala, yokamba zowawa za ulamuliro wa chipani chimodzi, amalume ankatsitsa voliyumu ndi kuyang'ana kunjira. Agogo aakazi, omwe anavinira Ngwazi zaka zambiri ndipo nsalu yawo ya mbumba inali yopinda bwino m'sutikesi, ankadzuka kupita kukhitchini osalankhula kanthu. Sanatiletse ayi. Tsiku lina akusoka fodya m'chigafa ndinawamva akung'ung'udza nyimbo yomweyo chapansipansi, kenaka anandisimbira za mkulu wina wa m'mudzi mwathu amene anabwezedwa pakhomo la msika chifukwa analibe khadi la chipani, mwana ali wodwala kunyumba. Nkhani imeneyi anali asanauzepo aliyense wa ife ana. Mnyamata wa ku Balaka, wa zaka 24 zokha, anatsegula pakamwa pa gogo wa ku Kasungu. Ndikhulupirira kuti achimwene anu, pomvera kaseti yawoyo ku Mtunthama, pafupi ndi Kamuzu Academy penipeni, nawonso anali ndi zawo zomwe ankaganiza.

Tsono ndinene mosapsatira. Kumvera nyimbo imodziimodzi pa memori khadi si kumvera chimbale. Woimba ankakhala pansi kusankha yoyamba ndi yotsekera mbali A, ndi yodzakudzutsa ukatembenuza kaseti. Kudumpha nyimbo kunali kovuta, motero unkamvera ndi zomwe sunazikonde poyamba, ndipo pakutha pa nyengo yosoka ndi kusankha fodya zimenezo n'zomwe zinkakhala zako zapamtima. Lero mnyamata wa pa msika amakuthirira nyimbo mazanamazana mu foni, zopanda mayina, zina zodukira pakati, woimba osalandirapo ngakhale tambala. Zimenezi zimandipweteka. Kale kubera kunaliko ndithu, tinkajambulirana pa wailesi za makaseti awiri, koma kaseti yeniyeni inkadziwika: yodutsa kwa O.G. Issa, ya chikuto chosindikizidwa, ndipo pambuyo pake ya kachidindo ka COSOMA, bungwe loteteza oimba ndi olemba lomwe linayamba mu 1992. Munthu ukagula unkadziwa kuti wathandiza mwini nyimbo.

Ndipo amene amanyoza nyimbo za ku Balaka kuti zinali zofanana, kiyibodi yomweyomweyo, ndimatsutsana nawo. Inde zida zinali zochepa. Koma kuchokera kwa Paul Banda ndi Alleluya Band kunatuluka kaimbidwe komwe kanalera Lucius ndi anzake ambiri, ndipo kanatiphunzitsa kuti rege ingathe kuimbidwa m'Chichewa n'kumveka yathuyathu, yovinika pa ukwati komanso yoliritsa pa maliro. Lucius, yemwe tinkamutcha Soja, atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, m'ma minibasi a pa msewu wa M1 munkangolira nyimbo zake zakale, ndipo anthu akuluakulu ankatsatira mawu onse osaphonya.

Za kulowetsa mu foni

Musaiike kaye mu wailesi iliyonse, pakuti lamba wa wailesi zakale amakhala atafooka ndipo tepi ingatafunidwe. Yambani mwaipukusa ndi bolopeni mpaka kumapeto ndi kubwereranso, kuti ngati inamatirirana imasuke. Yang'anani kathonje kakang'ono kamene kali pakati, kuseri kwa tepi. Ngati kanagwa, kamatidwe kena. Pitani kwa okonza mawailesi pa Kasungu boma, afunefune wailesi yoyenda bwino, apukute hedi ndi sipiriti, ayese kaye ndi kaseti ina yosafunika. Kenaka chingwe chochokera pabowo la mahedifoni chilowe mu kompyuta, ajambule ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Muwauze kuti mbali A ikhale fayilo imodzi, mbali B ina, asaduledule. Chikutocho muchijambule ndi foni, mkati ndi kunja, makamaka ngati achimwene analembapo dzina lawo.

Musaisiye kwa wokonzayo kuti mudzatenge mawa, khalani pomwepo mpaka amalize. Mwana wanuyo mupite naye, ndipo kasetiyo muzikaisunga pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika.