Rooivalk inachedwa ku nkhondo yake yomwe

Bambo wina wa ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akufunsa chifukwa chake helikopita yankhondo ya South Africa, Rooivalk, inatenga zaka zambirimbiri kuti ithe, chonsecho palibe dziko lina linagula. "Si kutaya ndalama kumeneku?"

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo chaka china ndinati ndipange makina otongolera chimanga. Oyamba ankaphwanya chitsononkho n'kusakaniza ndi chimanga. Achiwiri lamba ankangovuka, shafiti n'kupindika, ndalama n'kutha. Mmene ankayenda bwino, alimi anali atatongola kale ndi manja, wina atagula makina akunja. Ondiseka analipo ambiri, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anagwirapo chitsulo chamoto. Anthu otere amanditopetsa, ndinene poyera.

Rooivalk inayendanso momwemo. Mu 1977 bungwe la UN linaletsa kugulitsa zida ku boma latsankho la South Africa, uku nkhondo ili mkati ku Angola ndi Namibia. Kampani ya Atlas, yopanga ndege ku South Africa, inayamba ntchitoyi mu 1984, osati kuchokera pachabe ayi. Anatenga injini ndi mapiko a helikopita ya Alouette III ya ku France, n'kumanga thupi lopyapyala la mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mfuti ya 20 mm kunsi kwa mphuno. Imeneyo ndiyo Alpha XH-1, yongoyesera chabe. Kenako anasintha mahelikopita awiri a Puma kuti ayesere zida, ndipo Rooivalk yeniyeni inatengera injini za Makila za ku France ndi zamkati zofanana ndi za Oryx, helikopita yonyamula asilikali ya South Africa.

Ndiye tamverani izi. Inauluka koyamba pa 11 February 1990, tsiku lomwe Nelson Mandela anatuluka m'ndende! Mwezi wotsatira Namibia inalandira ufulu. Mdani amene anaipangira kunalibenso, ndalama za asilikali zinadulidwa, ntchito inayamba kukwawa. Ine ndikuti mlandu si wa mainjiniya, ngakhale pang'ono. Ndi wa andale amene sanafune kuipha, komanso sanafune kuilipirira.

Nanga ogula?

Britain inasankha helikopita ya Apache ya ku America mu 1995, Turkey inasankha Mangusta ya ku Italy mu 2007. Ndani angagule ndege imene eni ake angopanga 12 zokha, injini zake mpaka ukapemphe ku France? Imodzi inawonongeka mu 2005, zoyamba mwa zotsalazo zinavomerezedwa kugwira ntchito mokwanira mu 2011.

Pa ndalama, inde, sinabweze. Koma pa 4 November 2013 inawombera malo a zigawenga za M23 kum'mawa kwa DRC, ikuthandiza gulu lankhondo la UN momwe munalinso asilikali a Tanzania ndi athu a Malawi. Kutacha M23 inalengeza kuti yasiya nkhondo. Amene akuti ndi chitsulo chachabe ayambe wawerenga za sabata imeneyo.