Kodi omnivore ndi kususuka?

Mayi wina wa ku Chawama mu Lusaka wandilembera imelo. Mwana wawo wabwera ndi homuweki ya sayansi yokhala ndi mawu akuti omnivore, ndipo mnansi wawauza kuti ndi "chodya zilizonse". Ndiye akufunsa: kodi si kususuka kumeneku? Nanga pa Chinyanja timati chiyani?

Mayi, si kususuka ayi, ndipo chonde mwanayo asakalembe zimenezo. Mawuwa anachokera ku Chilatini: omnis ndiye kuti zonse, vorare ndiye kudya kapena kumeza. Koma "zonse" zake ndi magulu awiri basi, zomera ndi nyama. Sakunena za kuchuluka kwa chakudya kapena khalidwe la pa mbale. Akunena za mmene thupi linapangidwira, kuti limatha kugaya zonse ziwiri n'kupezamo mphamvu.

Ife timafotokoza motalikirapo: cholengedwa chodya zomera ndi nyama zomwe. Ndimakonda kunena "cholengedwa" chifukwa mawu athu akuti nyama amatanthauza chamoyo komanso ndiwo, moti "nyama yodya nyama" imamuzunguza mwana mutu.

Musavutike ndi mikango ya m'buku. Tulukani naye panja mukayang'ane nkhuku. Mukamwaza gaga imajompha, koma mphemvu ikatuluka pansi pa ndowa imasiya gagayo n'kuyamba liwiro. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, inswa zikamathothoka pansi pa getsi, m'mawa mwake nkhuku zimatolera mpaka chithokomiro kulimba. Imeneyo ndiye omnivore. Nkhumba, khoswe, khwangwala ndi nyani ali gulu lomwelo. Mbuzi ndi ng'ombe ndi herbivore, zodya zomera zokha. Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo 4 ndipo imabzikula kuti udzu ugayike, zomwe ife sitingathe.

Pamene ana ambiri amaphonya ndi pa mphaka. Amamuona akunyambita nsima ya msuzi n'kuganiza kuti amadya zonse. Mphaka ndi carnivore weniweni, kutanthauza chodya nyama yokha, thupi lake limafuna zinthu zimene amazipeza mu nyama, ndipo mukamamupatsa nsima yokha amafooka. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa m'makomboni mwathu amphaka ambiri amaleredwa choncho, eni ake osadziwa.

Nanga ife anthu? Dengu lanu lochokera ku Soweto Market limayankha lokha: chibwabwa, tomato, kapenta, mwinanso vinkubala pang'ono. Ngakhale munthu amene anasiya nyama chifukwa cha chipembedzo kapena matenda, thupi lake ndi la omnivore ndithu, wangosankha zoika m'mbale. Mumupatse mwanayo galasi ayasamule. Kutsogolo aona mano odulira, m'mbali osongoka pang'ono ong'ambira, kumbuyo aphwatalala operera. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo a mitundu yonseyi amagwira ntchito pa mbale imodzi ya nsima, nkhuku ndi repu.