Wotchi, nsapato za carbon ndi kampani yofuna muitsatsire malonda

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwayamba kuthamanga chaka chino, mukukonzekera mpikisano wanu woyamba wa makilomita 21, ndipo ndalama zomwe mwasunga zikukwana chinthu chimodzi chokha, wotchi yoyeza thupi kapena nsapato zija za carbon. Mwatinso kampani ina ya zakumwa zopatsa mphamvu yakulemberani kuti kagulu kanu ka othamanga kaziitsatsira malonda pa Instagram, iyo n'kumakupatsani katundu waulere. Ndiyambe ndi nsapato, chifukwa ndi pomwe ndalama zanu zingapite msanga popanda chooneka.

Nsapatozo si bodza ayi, zimagwiradi ntchito. Zinatchuka mu 2017 pomwe Nike inatulutsa Vaporfly 4%. Nambala ili kumapeto kwa dzinalo inachokera ku kafukufuku wa pa University of Colorado Boulder, yemwe anapeza kuti wovala nsapatozi amawononga mphamvu zochepa ndi pafupifupi 4 peresenti pothamanga liwiro lomwelo. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku Nike komweko, ndiye ambiri anayamba akayikira, koma ofufuza ena atayesa paokha anapezanso kuti phindu lilipo. Chimene chimagwira ntchito ndi siponji yopepuka kwambiri ya mu soli, yomwe imabweza mphamvu phazi likaponda, pamodzi ndi kathabwa kopyapyala ka carbon komwe kamaletsa nsapato kupindika pa zala. Mu Okutobala 2019 katswiri wa ku Kenya Eliud Kipchoge anathamanga makilomita 42 mu 1:59:40 ku Vienna atavala nsapato za mtundu umenewu, ngakhale nthawiyo sinalembedwe ngati rekodi poti omuperekeza ankasinthana ndipo kutsogolo kunali galimoto yomusungira liwiro. Phokoso litakula, bungwe loyendetsa masewera othamanga padziko lonse la World Athletics linaika malamulo mu Januwale 2020: soli ya nsapato za mumsewu isakhuthale kupitirira mamilimita 40, ndipo kathabwa kakhale kamodzi basi.

Zomwe otsatsa malonda sakuuzani ndi anthu omwe anayesedwa. Anali amuna othamanga kwambiri, ndipo ankawayesa pa liwiro la makilomita 14, 16 ndi 18 pa ola. Ambiri a ife timathamanga makilomita 9 kapena 10 pa ola, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti liwiro likatsika phindu nalo limachepa. Kuwonjezera apo nsapatozi sizikhalitsa. Mayi wa ku Ethiopia Tigst Assefa atathamanga makilomita 42 mu 2:11:53 ku Berlin mu 2023, nsapato ya Adidas yomwe anavala inagulitsidwa eni ake akunena poyera kuti anaipangira mpikisano umodzi. Komanso soli yake ndi yaitali ndi yogwedera, moti mwendo womwe sunakhwime umavutika nayo pokhota ndi potsika mtunda. Kwa munthu wa chaka choyamba, mphindi zomwe mungadule pongothamanga kanayi pa sabata mosadukiza n'zambiri kuposa zomwe kathabwa kangakupatseni.

Ine ndikuti gulani nsapato wamba zophunzitsira, zokukwanani bwino. Kaziyeseni madzulo, phazi litafufuma pang'ono ndi kuyenda kwa tsiku, mutavala sokosi zomwe mumathamangira, ndipo pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pazitsala malo okwana chala chachikulu cha dzanja. Funsaninso za mtundu wa chaka chatha. Makampani amatulutsa nsapato "zatsopano" chaka ndi chaka, kawirikawiri atangosintha mtundu wa nsalu ndi nambala ya pa dzina, ndipo zakalezo zimatsika mtengo zili zabwinobwino.

Nkhani ya wotchi ndi yovutirapo, chifukwa m'kachipangizo kamodzi muli zoona, zongoyerekeza, ndi zongokukopani kuti muzikayang'ana. Mtunda, nthawi ndi liwiro imayeza bwino kudzera pa GPS, kupatula pakati pa nyumba zitalizitali kapena m'nkhalango yowirira. Kugunda kwa mtima imayeza ndi kuwala kobiriwira komwe kamaona magazi akudutsa pansi pa khungu. Ofufuza a pa Stanford University anayesa zipangizo 7 za pamkono mu 2017 ndipo anapeza kuti zambiri zinkaphonya kugunda kwa mtima ndi zosakwana 5 peresenti. Koma pa makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu zomwe thupi lagwiritsa ntchito, panalibe n'chimodzi chomwe cholondola: chabwino koposa chinaphonya ndi 27 peresenti, choipitsitsa ndi 93 peresenti. Ndiye mukaona wotchi ikuti mwawotcha makalori akutiakuti, musapimire chakudya chanu pamenepo. Manambala ena monga a tulo, a nkhawa, a "thupi lachira bwanji" ndi masamu omwe kampani iliyonse imachita mwa njira yake osaulula. Pali anthu amadzuka ali bwinobwino, n'kuona wotchi yawapatsa nambala yotsika, basi tsiku lonse kumadzimva ofooka. Zimenezo ine zimandiseketsa komanso kundimvetsa chisoni.

Ngakhale pa mtima pomwepo, wotchi imasokonezeka lamba akakhala wolefuka, kukazizira kwambiri, kapena pakhungu pakakhala tatuu. Nthawi zina imayamba kuwerenga mapondedwe a mapazi n'kumayesa ndi mtima. Lamba woyeza mtima wa pachifuwa sachita zimenezi kawirikawiri chifukwa amamva magetsi a mtima weniweniwo, ndipo ndi wotsika mtengo kuposa wotchi yabwino. Amalumikizana ndi foni pa Bluetooth. Foniyo ili nayo kale GPS, ndipo mapulogalamu ngati Strava ndi Nike Run Club amalemba mtunda ndi liwiro osalipira kanthu. Choncho ngati kunyamula foni sikukuvutani, nsapato wamba ndi lamba wa pachifuwa zikwana mu ndalama zomwe munasungira chinthu chimodzi chija.

Musanagule chipangizo chilichonse dzifunseni kuti nambala yomwe chidzakupatseni idzasintha chiyani pa zomwe mudzachite mawa m'mawa. Kugunda kwa mtima kumayankha funsoli bwino. Vuto lalikulu la ongoyamba kumene n'loti amathamanga mwamphamvu tsiku lililonse, thupi osapeza mpata wochira, kenako bondo kapena msana wa mwendo n'kuyamba kupweteka. Nambala ya mtima imakuletsani pa masiku oyenera kuthamanga pang'onopang'ono. Komatu ngakhale zimenezi pali njira yaulere: ngati mukutha kulankhula chiganizo chathunthu ndi mnzanu osadula mpweya, liwiro lanu lili bwino. Matimu akuluakulu a mpira amavalitsa osewera timalaya ta GPS ta Catapult kapena STATSports, koma kuseri kwake kuli anthu olembedwa ntchito yowerenga manambalawo ndi kuuza kochi kuti uyu lero apume. Popanda wowerenga ndi wochitapo kanthu, chipangizocho ndi chokongoletsera chabe.

Ndipo si nambala iliyonse yotchuka yomwe inachokera kwa madokotala. Masitepe 10,000 pa tsiku, omwe mawotchi ambiri amakuwomberani m'manja mukawakwanitsa, anayambira pa malonda. Mu 1965, chaka chimodzi atatha masewera a Olympics a ku Tokyo, kampani ya Yamasa ku Japan inatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe, n'kukapatsa dzina lonena za masitepe 10,000 chifukwa linkamveka bwino. Kafukufuku wa mu 2019 pa amayi achikulire ku America anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 pa tsiku ankamwalira mochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkaleka kukwera cha pa 7,500. Bungwe la WHO silinena za masitepe n'komwe, limati wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Nanga tibangili ta Power Balance tija, tomwe akatswiri a masewera ankavala ponena kuti timalimbitsa thupi? Kumapeto kwa 2010 bungwe loteteza ogula ku Australia linakakamiza kampaniyo kuvomera poyera kuti inalibe umboni wa sayansi, ndipo mu 2011 inagwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mukasankhabe kugula wotchi, onani zinthu ziwiri zomwe sizilembedwa pa bokosi ndi zilembo zazikulu. Choyamba, makampani ambiri tsopano safuna kukugulitsani chinthu kamodzi n'kusiyana nanu, akufuna muzilipira mwezi ndi mwezi. Lamba wa pamkono wa Whoop ndi mphete ya Oura zimayendera njira imeneyi, ndipo mukaleka kulipira, zambiri zomwe munagulira chipangizocho zimatsekeka. Choipa china n'choti kampani ikatseka ntchito chipangizo chimafera pamkono. Kampani ya malamba oyeza thupi ya Jawbone inagwa mu 2017, ndipo Amazon inazimitsa malamba ake a Halo mu 2023, malamba onse n'kuleka kugwira ntchito. Sankhani wotchi yomwe imasonyeza mtunda, liwiro ndi mtima payokha popanda kulipira pamwezi, ya batire lokhala masiku angapo, komanso yolola kutulutsa mbiri ya kuthamanga kwanu n'kuisamutsira ku pulogalamu ina.

Chachiwiri chikukhudza chitetezo chanu, ndipo apa ndikulankhula kwa inu ngati mayi wothamanga m'mamawa. Mu Januwale 2018 kunadziwika kuti mapu a Strava osonyeza njira zomwe anthu amathamanga ankaonetsa malo a asilikali ku Syria ndi ku Afghanistan, chifukwa asilikaliwo ankazungulira misasa yawo atavala mawotchi. Ngati zinaulula msasa wa asilikali, khomo lanu zingalibise bwanji? Munthu wothamanga njira imodzimodzi pa ola lomwelo, n'kumaika mapu poyera, akuuza aliyense komwe amakhala ndi nthawi yomwe amakhala yekha panjira. Lowani m'makonzedwe a pulogalamuyo, bisani poyambira ndi pothera, ndipo lolani anthu okhawo omwe mukuwadziwa kuti aziona. Auzeninso a m'kagulu kanu achite chimodzimodzi.

Tsopano za kampani ija. Musadabwe kuti yafika kwa inu, anthu ochepa. Otsatsa malonda anazindikira kuti munthu amakhulupirira mnzake wothamanga naye kuposa katswiri wa pa TV, ndipo timagulu tating'ono timalandira katundu m'malo mwa ndalama. Chomwe akugula kwa inu ndi chikhulupiriro chomwe anzanuwo ali nacho pa inu, ndiye musachigulitse ndi makatoni awiri a zakumwa.

Yambani mwawerenga chitinicho. Chakumwa chobwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi ndi china, chakumwa chopatsa mphamvu ndi chinanso. Chachiwirichi mphamvu yake ndi caffeine ndi shuga. Chitini cha Red Bull cha mamililita 250 chili ndi mamiligalamu 80 a caffeine, ndipo zitini zina zazikulu zimaposa pamenepo kawiri. Bungwe loona za chakudya ku Ulaya, EFSA, limati wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 pa tsiku, ndipo bungwe la madokotala a ana ku America limati zakumwa zimenezi si za ana ndi achinyamata. Ngati m'kagulu kanu muli osakwana zaka 18, amayi oyembekezera, kapena odwala mtima ndi BP, ine ndikanakana. Ngati akufunanso muzitsatsa maufa ndi mapiritsi okuza minofu, samalani koposa, chifukwa ena amapezeka ndi mankhwala oletsedwa osalembedwa pa botolo, ndipo malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amati wothamanga ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya ankadziwa kaya ayi.

Kukana si chipongwe. Cristiano Ronaldo anasuntha mabotolo a Coca-Cola patebulo pamaso pa atolankhani mu Juni 2021, pa mpikisano wa Euro womwe kampaniyo inkathandiza. Ndipo dzina lalikulu si chitsimikizo: kampani ya ndalama za pa intaneti (crypto) ya FTX inali ndi dzina lake pa bwalo la timu ya basketball ya Miami Heat ndi pa magalimoto a Mercedes a Formula 1, koma mu Novembala 2022 inagwa ndi ndalama za anthu. Matimu a Premier League nawo anagwirizana mu 2023 zochotsa makampani a juga kutsogolo kwa majezi awo. Makampani obetcha akadzagogoda kwa inu, poti amagogoda paliponse pali masewera, muzikumbukira zimenezo.

Mukaona kuti katunduyo ndi wabwino ndipo inuyo mungamugule ndi ndalama zanu, pemphani mgwirizano wolembedwa. Unene miyezi ingati, zithunzi zingati, ngati akukuletsani kugwira ntchito ndi makampani ena, komanso ngati adzagwiritse ntchito nkhope za anthu anu pa zikwangwani zawo. Mfundo yomalizayi ndi yomwe ambiri amadzalira nayo, chifukwa chithunzi chomwe munajambula mwamasewera chimakapezeka pa malonda olipira kwa zaka. Aliyense wooneka pa chithunzi avomere kaye. Ndipo pa positi iliyonse nenani momveka kuti awa ndi malonda, ngakhale malipiro ake ali katundu chabe. M'maiko ambiri ndi lamulo, ndipo Kim Kardashian, mayi wotchuka pa TV ku America, analipitsidwa madola 1.26 miliyoni mu 2022 chifukwa chotsatsa ndalama za crypto osanena kuti analipidwa zingati.

Pokambirana nawo musadzichepetse chifukwa cha kuchepa kwa okutsatirani pa Instagram. Auzeni anthu angati amabweradi kudzathamanga sabata iliyonse, ndipo m'malo mwa zakumwa pemphani zomwe kaguluko kakusowa, monga malaya owala usiku, madzi pa tsiku la mpikisano, kapena ndalama zolembetsera anzanu omwe sangakwanitse. Mutiuze zomwe zalembedwa pa chitinicho, makamaka mamiligalamu a caffeine ndi magalamu a shuga, komanso mawu a m'kalata yomwe anakutumizirani, tikuthandizeni kuona ngati n'zoyenera kusainira.