Bwanji Oldboy ya ku America sinakondweretse openda mafilimu?

Funso: Akonzi, ndinaonera filimu ya Oldboy imene muli Josh Brolin ndipo inandigwira mtima kwambiri, koma nditawerenga zimene akatswiri openda mafilimu analemba, ndinapeza kuti ambiri anaipeputsa. Kodi ndine amene sindidziwa kuonera filimu?

Yankho: Musadzikayikire ayi. Inu munalowa m'nkhaniyi musakudziwa kanthu, pamene openda aja anali ataonera kale Oldboy yoyamba, imene Park Chan-wook wa ku South Korea anatulutsa mu 2003 ndipo inapata mphoto ya Grand Prix pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2004. Mphamvu ya nkhaniyi yagona pa chinsinsi: munthu atsekeredwa m'chipinda kwa zaka zambiri osauzidwa mlandu wake, kenako amasulidwa kuti akafufuze yekha amene anamuchita chipongwecho. Chinsinsi chotere chimadzidzimutsa kamodzi kokha, ndipo Spike Lee atakonzanso filimuyi mu 2013 sanachisinthe kwenikweni, ngakhale zaka za m'ndende anazichotsa pa 15 n'kuzifikitsa pa 20.

Pamene openda ambiri anaima nthawi yaitali ndi pa ndewu ya nyundo. M'filimu yoyamba, Choi Min-sik amalimbana ndi gulu la anthu m'kanjira kopapatiza, kamera ikuyenda naye osadukiza, iye ali wefuwefu, akugwa n'kudzukanso mpeni uli chibayire kumsana, moti woonera amatopera naye limodzi. Brolin amamenya mwaukatswiri ngati ngwazi, ndipo ululu uja sumveka. Kwa ine, apa m'pamene filimu yatsopanoyi inataya mtima wake, chifukwa nkhani ya kubwezera imafuna kuti tione wobwezerayo akudzivulaza yekha.

Komabe si mlandu wa Lee yekha. Iye anapereka filimu ya mphindi pafupifupi 140, eni ndalama anaidula kufika pa mphindi pafupifupi 105, ndipo mawu akuti "A Spike Lee Joint", amene amalemba pa mafilimu ake, sanaikidwepo. Inadya madola pafupifupi 30 miliyoni koma inabweza pafupifupi 5 miliyoni basi.

Onerani ya ku Korea ija, koma dziwani kuti popeza chinsinsi chija mukuchidziwa kale, tsopano ndinu amene mudzaonere mukuyerekezera.